Majini onsewa a hemoglobin anachokera kuti?

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Pa mayeso a dzulo panabwera funso loti tifotokoze chifukwa chimene mwana wobadwa ndi sickle cell sadwala m'miyezi yoyambirira. Ndinayankha kuti ndi chifukwa cha hemoglobin F, ya mwana wa m'mimba ija, ndipo pamenepo sindikukayika. Koma madzulo nditatsegulanso buku ndinaona chithunzi cha kromozomu 11, majini atandandalikana pamzere: epsilon, gamma awiri, lina lakufa, delta, kenako beta. Ku kromozomu 16 nakonso kuli gulu lina, zeta ndi ma alpha awiri. Ntchito ndi imodzi, kunyamula okosijeni. Nanga majini onsewa ndi a chiyani? Amene amatiphunzitsa nditawafunsa anangoti zimenezo sizibwera pa mayeso.

Kondwani: Achemwali, mwatilawirira ndi nkhani za majini m'mawa uno? Ena tili ndi mantha 😂

Tiyamike: Achimwene, majini a mu DNA, osati ogwira anthu aja. Khalani pansi muphunzire.

Aphunzitsi Gama: Mwana wanga Tiyamike, funso lakolo ndi labwino kuposa la pa mayesolo. Yankho lalifupi ndi lakuti majini amenewa ndi a banja limodzi, anatuluka mwa kholo limodzi. Nthawi zina DNA ikamakopedwa pamachitika ngozi, kachidutswa kena kamalembedwa kawiri. Nyama imene yalandira ngoziyo imakhala ndi makope awiri a jini lomwelo. Kope limodzi limapitiriza ntchito yakale. Linalo limakhala ndi ufulu wosintha popanda kupha mwini wake. Nthawi zambiri limangoonongeka n'kukhala chete. Mwa apo ndi apo limapeza ntchito ina. Vernon Ingram, yemwe uja anapeza kuti sickle cell imabwera chifukwa cha kusintha kwa amino acid imodzi yokha (ma amino acid ndi tizidutswa tomwe timalumikizana kupanga puloteni), ndi amene analemba mu 1961 kuti alpha, beta, gamma ndi delta zinabadwa mwa njira imeneyi.

Tiyamike: Zikomo aphunzitsi. Koma tikudziwa bwanji kuti ndi pachibale? Mwina zangofanana ntchito basi.

Nachisale: Ndilowerereko pamenepo. Hemoglobin ya munthu wamkulu ili ndi zigawo zinayi, ziwiri za alpha ndi ziwiri za beta. Alpha ili ndi ma amino acid 141, beta 146. Mukaziika mogundizana n'kumawerenga malo ndi malo, zimafanana m'malo opitirira 60. Kwa zinthu zosakhala pachibale kufanana kotereku sikungatheke, chifukwa pa malo aliwonse pali mitundu 20 ya ma amino acid yomwe ikanatha kukhalapo. Komanso onse awiri amapindika mofanana, ndipo ali ndi kathumba pamalo amodzimodzi kosungiramo heme, kachinthu kokhala ndi ayironi komwe okosijeni amakakamira.

Umboni umene ine umandigwira mtima kwambiri ndi wina. Jini lililonse la hemoglobin yathu linagawika m'zigawo zitatu, pakati pake pali zidutswa ziwiri za DNA zomwe zimachotsedwa puloteni isanapangidwe, ma intron aja. Zidutswazi zili pamalo ofanana mu alpha, mu beta, ngakhale mu myoglobin ya m'minofu yomwe ili kutali ku kromozomu 22. Pa ntchito yonyamula okosijeni malo a intron alibe phindu lililonse. Ana awiri akakhoza mofanana simungawaganizire. Koma akalakwitsa malo amodzimodzi, mpaka dontho la inki pamalo amodzi, mumadziwa kuti wina wakopera.

Aphunzitsi Gama: Zimenezo ndazigwira kambirimbiri pochonga mayeso. Mwalasa, Nachisale.

Kondwani: Ndiye kukoperako kunachitika liti? Ndani analipo?

Nachisale: Panalibe munthu, koma nyama zomwe zilipo lero zimatiuza. Shaki ili ndi alpha ndi beta. Nsomba za mafupa, achule, abuluzi, mbalame, ife, tonse tili nazo zonse ziwiri. Ndiye kuti kugawikanako kunachitika shaki isanapatukane ndi ife, pafupifupi zaka 450 miliyoni zapitazo, mwa kholo la nyama za msana zokhala ndi nsagwada.

Ndipo pali chinthu chokoma apa. Kope likangobadwa limakhala pafupi ndi linzake. Mwa nsomba, komanso mwa chule wotchedwa Xenopus, alpha ndi beta akadali oyandikana pa kromozomu imodzi mpaka lero. Mwa ife ndi mwa mbalame beta anasamuka n'kukakhala kwina, pakati pa majini othandiza kununkhiza. N'chifukwa chake inu a Tiyamike mukuona 16 ndi 11. Koma nyama zolerera ana m'thumba za ku Australia, monga wallaby, zikadali ndi kajini ka mtundu wa beta kotchedwa omega kumapeto kwa gulu la alpha. Kanatsalira pabwinja pomwe anzake anachoka.

Tiyamike: Aaa, imeneyo ndiye sindinaimvepo. Ndiye kuti mzere wa pa kromozomu 11 uja unamangidwa atasamuka kale?

Nachisale: Eya. Beta atafika kumalo atsopano anapitiriza kudzikopera. Mbalame zinachita zimenezi pazokha, nyama zoyamwitsa pazokhanso. Nkhuku ili ndi majini anayi a mtundu wa beta, koma simungawalumikize limodzi ndi limodzi ndi athu, chifukwa anabadwa ife titapatukana nazo kale.

Aphunzitsi Gama: Ndionjezere kuti tikafuna kuona mmene hemoglobin inalili alpha ndi beta asanagawikane, timayang'ana lamprey, nsomba yopanda nsagwada ija yooneka ngati mkunga, yokhala ndi pakamwa pozungulira poyamwira magazi a nsomba zina. Hemoglobin yake ikakhala ndi okosijeni imakhala chigawo chimodzi chokha, osati zinayi. Ndi chithunzi cha gogo wa hemoglobin yathu. Ndakhala ndikuphunzitsa choncho zaka zonsezi.

Nachisale: Aphunzitsi, pepani, ndi ulemu wonse, pamenepo mabuku akale aja anapitirira malire. Mu 2010 Federico Hoffmann, Juan Opazo ndi Jay Storz anayerekeza majini onse a banjali ndipo anapeza kuti hemoglobin ya lamprey ndi ya hagfish, nsomba inanso yopanda nsagwada, sinachokere ku nthambi imene inabala yathu. M'bale wake wapafupi mwa ife ndi cytoglobin, kapuloteni kopezeka m'maselo a ziwalo zosiyanasiyana komwe sikanyamula okosijeni m'magazi n'komwe. Kumayambiriro kwenikweni kwa nyama za msana, DNA yonse yathunthu inakopedwa, mfundo yomwe Susumu Ohno anaikamba mu 1970. Panatuluka makope angapo a globin, lomwe ndi dzina la banja lonse la majiniwa. Makolo athu anatenga kope limodzi n'kulisandutsa chonyamulira okosijeni m'magazi, makolo a lamprey anatenga lina. Ndiye kuti ntchito imeneyi inayambika kawiri. Ngakhale njira yogwirizanira zigawo ndi yosiyana: za lamprey zimaphatikana zikataya okosijeni n'kumwazikananso zikamulandira, pomwe zathu zinayi zimakhala pamodzi nthawi zonse n'kumangosintha kaimidwe.

Aphunzitsi Gama: Hmm. Ndiye kuti ana onse amene ndinawaphunzitsa aja ndinawanamiza?

Nachisale: Ayi aphunzitsi, munawauza zimene zinkadziwika. Cytoglobin yomweyo yangodziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, neuroglobin ya m'mitsempha ya ubongo mu 2000. Buku lolembedwa m'mbuyo mwa zaka zimenezo silikanatha kudziwa.

Aphunzitsi Gama: Chabwino, ndavomera. Koma zikundiwawa ndithu, chifukwa chithunzi cha lamprey chija ndinkachijambula bwino pabolodi.

Kondwani: Aphunzitsi agonja pagulu. Lembani tsiku la lero.

Mai a Mphatso: Ine za nsombazo zandipitirira, koma za mwana zomwe Tiyamike wayamba nazo ndaziona ndi maso pa ntchito yanga ya unamwino. Mwana amabadwa wonenepa bwino, akuyamwa, akuseka. Miyezi itatu, inayi, palibe chodandaulitsa. Kenako chakumiyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirirapo mayi amabwera naye akulira osatonthola, timanja ndi timapazi tatupa, tala lililonse ngati lalumidwa ndi njuchi, ukangokhudza amakuwa. Ukayang'ana m'zikope mwayera. Magazi ukawaika pa galasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, pakati pa maselo ozungulira bwino aja umaona ena opindika ngati chikwakwa, nsonga mbali zonse ziwiri. Mayi amafunsa kuti, nanga bwanji anabadwa bwinobwino, chamulowa n'chiyani? Ndipo umavutika kumufotokozera kuti palibe chamulowa, koma kuti china chake chazima.

Tiyamike: Amayi, mwafotokoza kuposa buku. Chazimacho ndi gamma eti?

Mai a Mphatso: Gamma yemweyo. Vuto la sickle cell lili mu beta, pa malo a nambala 6, pomwe amino acid yotchedwa valine inalowa m'malo mwa glutamic acid. Mwana ali m'mimba sagwiritsa ntchito beta kwenikweni, amagwiritsa ntchito gamma wa mu hemoglobin F, yemwe alibe vutolo. Akabadwa thupi limayamba kuzimitsa gamma n'kuyatsa beta pang'onopang'ono. Munthu wamkulu amatsala ndi hemoglobin F yosakwana 1 pa 100 iliyonse. N'chifukwa chake mankhwala a hydroxyurea amathandiza, mwa zina amakweza F uja.

Aphunzitsi Gama: Ndipo taonani kuti majini aja anandandalikana motsatira nthawi yomwe amayaka. Epsilon ali koyambirira, amagwira ntchito m'masabata oyamba mwana akungoumbika. Gamma pakati. Delta ndi beta kumapeto, a moyo wonse. Kumutu kwa mzerewo kuli chigawo cha DNA chomwe chimapindika n'kukagunda jini limodzi pa nthawi yake kuti liyake. Chifukwa chokhalira ndi ya mwana payokha n'chakuti mwana ayenera kulanda okosijeni ku magazi a mayi ake kudzera mu nsengwa. M'maselo ofiira muli kachinthu kotchedwa 2,3-BPG komwe kamakakamira ku beta n'kuchititsa hemoglobin kumasula okosijeni. Gamma ali ndi serine pa malo a 143 pomwe beta ali ndi histidine, ndiye 2,3-BPG sakakamira bwino. Hemoglobin ya mwana imagwiritsa okosijeni kuposa ya mayi, ndipo mpweyawo umawolokera kwa mwana.

Tiyamike: Ndiye kuti nyama zonse zobereka ana amoyo zili ndi gamma wa mwana wa m'mimba?

Nachisale: Ndi pomwe pamakoma nkhaniyi. Ayi. Ngakhale changa, yemwe ndi wa gulu lathu la anyani, ali ndi gamma koma amamugwiritsa ntchito m'masiku oyambirira okha ngati epsilon, kenako amalumphira ku beta. Gamma anasanduka jini la mwana wa m'mimba mwa makolo a anyani, apusi ndi ife, ndipo ndi mu mzere womwewo momwe anakopedwa kukhala awiri. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zilinso ndi hemoglobin ya mwana wa m'mimba, koma sinachokere kwa gamma. Zinakopera gulu lonse la beta, kope lina la beta n'kulipatsa ntchito imeneyo. Mbuzi ndiye inachita kunyanya, gulu lonse lija lilipo katatu, ndipo ili ndi beta wina amene amayaka mwa kamwana ka mbuzi n'kudzayakanso mbuzi yaikulu ikachepa magazi. Hatchi ilibe hemoglobin yapadera ya mwana wa m'mimba, mwana wake amangokhala ndi 2,3-BPG wochepa. Vuto limodzi, mayankho atatu.

Lakufa lija mwatchula, la pakati pa gamma ndi delta, dzina lake lina ndi eta. Mwa anyani onse ndi lakufa. Mwa mbuzi ndi lamoyo, limagwira ntchito mwana akungoumbika.

Yamikani: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine sindikutsutsa kuti majiniwa amafanana. Koma abale, mukukamba ngati zinthu zophweka. Hemoglobin ndi makina. Zigawo zinayi zimagwirizana, chimodzi chikalandira okosijeni zinazo zimalandira msanga, chimodzi chikataya zinazo zimatsatira. Popanda mgwirizano umenewo tikanamafa ndi befu pokwera masitepe. Kuti zigawo zilumikizane pamafunika kuti mbali zogundana zikwanirane ndendende. Theka la makina otere lili ndi ntchito yanji? Ine ndimaona dzanja la Mlengi pamenepa, osati ngozi za kukopera.

Kondwani: Basi, yayambika.

Aphunzitsi Gama: Kondwani, khala chete pang'ono. Funso la Yamikani ndi lenileni, ndipo asayansi enieni analifunsa kwa zaka zambiri. Max Perutz anatha zaka zopitirira 20 ku Cambridge akufufuza kaumbidwe ka hemoglobin ya hatchi, mnzake John Kendrew akulimbana ndi myoglobin ya namgumi, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1962. Ataona mmene zigawozo zimalumirana, aliyense anazizwa. Za Mlengi aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, ine ndemwe ndimapemphera. Koma funso loti theka la makina lingagwire ntchito, limenelo ndi loti lingayesedwe.

Nachisale: Ndipo linayesedwa. Mu 2020 gulu la Joseph Thornton ku University of Chicago, wotsogolera kafukufukuyo ali Arvind Pillai, linatenga ma globin a nyama zambiri za lero n'kuwerengera chammbuyo pa kompyuta kuti lipeze mndandanda wa ma amino acid a kholo la alpha ndi beta. Kenako anapanga jinilo mu labu, n'kuliika m'mabakiteriya kuti apange puloteniyo, n'kuiyeza. Anapeza kuti kholo lija linkagwirana awiriawiri, linkanyamula okosijeni, koma lopanda mgwirizano umene mukunenawo. Ndiye theka la makina lija, achimwene, ndipo linkagwira ntchito. Atasintha ma amino acid awiri okha pamwamba pake, kuika amene anadzabwera pambuyo pake m'mbiri, zigawo zinayamba kugwirana zinayi, ndipo mgwirizano wa okosijeni unayamba kuoneka. Mbali zambiri zofunika pa kulumikizanako zinalipo kale mwangozi, zimangodikira pomangirira.

Yamikani: Koma puloteniyo ndi yongoyerekeza pa kompyuta. Palibe amene anaitola m'magazi a nsomba ya zaka 400 miliyoni zapitazo.

Nachisale: Zoona, ndi kuyerekeza, ndipo malo ena amakhala okayikitsa. N'chifukwa chake amapanganso mtundu wachiwiri, m'malo okayikitsa aja n'kuikamo yankho lina lothekera, kuti aone ngati zotsatira zisintha. Chomwe kafukufukuyu akuonetsa mosakayikitsa n'chakuti kuchoka pa ziwiri kufika pa zinayi si phiri lalitali ngati mmene tinkaganizira. Zakuti ndani anakonza kuti chilengedwe chikhale chotha kuchita zimenezi, labu singayankhe.

Yamikani: Pomalizapo ndiye tagwirizana. Zinazo ndikaziwerenga ndekha kaye.

Kondwani: Ine langa ndi losavuta. Ilipo nyama ya msana yopanda hemoglobin n'komwe? Kapena ndi lamulo?

Aphunzitsi Gama: Ilipo, ndipo imeneyi ndiye sindinanamize ana. Icefish ya m'nyanja yozungulira Antarctica. Magazi ake ndi oyera mbuu, ngati madzi osungunulamo mkaka pang'ono. Alenje a anamgumi ankakamba za nsomba yopanda magazi, anthu n'kumati ndi nthano za amalinyero, mpaka Johan Ruud wa ku Norway anaiyeza n'kulemba za iyo mu 1954. Banjali lili ndi mitundu 16. Pafupifupi yonse inataya jini la beta lonse n'kutsala ndi kachidutswa ka alpha kosagwira ntchito. Madzi a kumeneko amazizira mpaka pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro, ndipo madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri, ndiye nsombayi imangodalira okosijeni wosungunuka m'madzi a m'magazi. Inataya hemoglobin kuti magazi asamalimbe pozizira.

Nachisale: Aphunzitsi, mundikhululukire kachiwiri.

Aphunzitsi Gama: Mwana iwe! Ndalakwanso pati?

Nachisale: Zonse zili bwino kupatula mawu akuti "kuti". Bruce Sidell ndi Kristin O'Brien anaunika nkhaniyi mu 2006 n'kunena kuti kutayako sikuoneka ngati phindu. Magazi a icefish amanyamula okosijeni wosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a amene abale ake a magazi ofiira amanyamula m'madzi omwewo. Kuti ikhale ndi moyo ili ndi mtima waukulu kwambiri, mitsempha yotakata ndi magazi ochuluka kangapo, ndipo mtimawo umadya mphamvu zambiri popopa. Mitundu ina inatayanso myoglobin ya mu mtima, ndipo inataya nthawi zosiyana, ndi zilema zosiyana za DNA. Ine ndimaona ngati ngozi yomwe kwina kulikonse ikanapha nsombayo, koma kumeneko kunali kozizira, opikisana nawo ochepa, ndiye inapulumuka n'kuyamba kukonza zotsatira zake.

Kondwani: Ukaipa dziwa nyimbo. Nsombayi inaipa magazi n'kudziwa mtima.

Aphunzitsi Gama: Apa sindigonja msanga. Ngakhale abale ake a magazi ofiira a m'nyanja yomweyo ali ndi maselo ofiira ochepa poyerekeza ndi nsomba za m'madzi ofunda. Ndiye kuti kuchepetsako kunali ndi phindu lake ndithu. Icefish inangopitiriza njira yomwe inayambika kale.

Nachisale: Kuchepetsa, eya. Kutayiratu, ndi pomwe ndikukayika. Koma pamenepo akatswiri omwe amatsutsanabe, ndiye titha kusiyana maganizo osadana.

Tiyamike: Ine chomwe ndikutolapo n'chakuti ndinkaganiza molakwika. Ndinkaona ngati makwerero, nsomba pansi, chule, kenako ife pamwamba ndi hemoglobin yabwino koposa.

Aphunzitsi Gama: Makwerero amenewo amabwera chifukwa cha tebulo la m'mabuku lija. Beta ya munthu ndi ya chimpanzi n'zofanana ndendende. Ndi gorila timasiyana malo amodzi, ndi nyani wotchedwa rhesus malo 8, ndi mbewa 27, ndi nkhuku 45, ndi chule 67. Emile Zuckerkandl ndi Linus Pauling anaona zimenezi mu 1962 n'kunena kuti kusiyanako kungagwire ntchito ngati wotchi yoyezera nthawi yomwe mizere iwiri inapatukana. Koma 67 uja sakutanthauza kuti chule anatsalira m'mbuyo. Chule nayenso wakhala akusintha zaka zonsezo, 67 ndi zosintha zake kuphatikiza zathu. Ndipo pali zimene hemoglobin ya ena imachita zomwe yathu singayerekeze. Ya nsomba zambiri za mafupa imataya okosijeni mwamphamvu magazi akangochita asidi pang'ono, ndipo nsomba imagwiritsa ntchito zimenezo kupopera mpweya m'kathumba koyandamitsira ndi kumaso.

Mai a Mphatso: Nanga ng'ona? Ndinamva kuti imatha kukhala pansi pa madzi nthawi yaitali chifukwa cha magazi ake.

Nachisale: N'zoona amayi. Ng'ona ikamira, mpweya woipa umachuluka m'magazi n'kusanduka bicarbonate. Hemoglobin yake ili ndi malo omwe bicarbonate amakakamira, ndipo akakakamira imamasula okosijeni wambiri wotsala kupita ku minofu. Yathu ilibe zimenezo. Mu 1995 gulu la Kiyoshi Nagai ku Cambridge linasamutsira ma amino acid 12 a ng'ona mu hemoglobin ya munthu ndipo inayamba kumvera bicarbonate. Anaipatsa dzina loti Hb Scuba.

Koma chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi atsekwe awiri. Wina ndi tsekwe wa mizere kumutu amene amauluka kudutsa mapiri a Himalaya, wina amakhala pamwamba pa mapiri a Andes ku South America. Onse ali ndi hemoglobin yogwiritsa okosijeni, yoyenera kumtunda komwe mpweya ndi wochepa. Mu hemoglobin muli malo pomwe amino acid ya nambala 119 ya alpha imagundana ndi ya nambala 55 ya beta. Wa ku Himalaya anasintha ya ku alpha, proline kukhala alanine. Wa ku Andes anasintha ya ku beta, leucine kukhala serine. Onse anamasula mfundo imodzimodzi, wina kuchokera uku, wina uko. Gulu la Storz litayeza mitundu 56 ya mbalame mu 2016 linapeza kuti za kumapiri nthawi zambiri zimakhala ndi hemoglobin yogwiritsa, koma kawirikawiri kudzera mu zosintha zosiyana. Chosintha chomwe chathandiza mbalame ina chimatha kukhala chopanda ntchito mwa inzake, kutengera ndi zomwe zinasintha kale m'mbuyomo.

Kondwani: Ndiye anthu a ku Tibet nawonso anasintha ngati tsekweyo?

Nachisale: Ayi, hemoglobin yawo ndi ngati yathu tonse. Chosiyana ndi majini oyang'anira kuchuluka kwake, makamaka EPAS1, lomwe limaletsa magazi kulimba kwambiri kumtunda. Mtundu wawo wa jinilo unachokera kwa anthu akale otchedwa Denisovan. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Yamikani: Funso limodzi lomaliza, osati lotsutsa. Kukopera kumeneku kunatha kalekale, kapena kumachitikabe?

Mai a Mphatso: Kumachitikabe achimwene, timakumana nako pa zotsatira za magazi. Munthu amayenera kukhala ndi majini anayi a alpha, awiri ochokera kwa mayi, awiri kwa bambo. Koma ambiri, makamaka m'madera a malungo ku Africa, ku Asia ndi kuzungulira nyanja ya Mediterranean, ali ndi atatu kapena awiri. Ndi alpha thalassemia imeneyo. Maselo awo ofiira amakhala aang'ono, ndipo ndinaonapo munthu akupatsidwa mapiritsi a ayironi miyezi ndi miyezi pomwe vuto silinali ayironi.

Nachisale: Ndipo njira yake ndi yomweyo imene aphunzitsi anayamba nayo. Ma alpha awiri oyandikana aja amafanana kwambiri moti popanga dzira kapena umuna, makromozomu akamasinthana zidutswa, nthawi zina amalumikizana mophonya, alpha woyamba kuyang'anizana ndi wachiwiri. Kromozomu ina imatuluka ndi alpha mmodzi, inzake ndi atatu. Anthu a ma alpha atatu pa kromozomu imodzi alipo, akuyenda bwinobwino osadziwa. Ku kromozomu 11 kuphonya komweko kumabala hemoglobin Lepore, jini lomwe mutu wake ndi delta, mchira ndi beta. Kutaya alpha mmodzi kumateteza ku malungo oopsa, monganso kukhala ndi jini limodzi la sickle cell. Za sickle cell zimenezi Anthony Allison anazionetsa mu 1954 ku East Africa. N'chifukwa chake zinafala.

Tiyamike: Ndiye gamma uja akazima amakhalapobe mu DNA moyo wonse? Sangayatsidwenso?

Nachisale: Alipo, ali bwinobwino, anangotsekeredwa. Mlonda wamkulu womutsekera ndi puloteni yotchedwa BCL11A. Alipo anthu obadwa ndi gamma wosazima, ndipo akakhalanso ndi sickle cell matendawo amakhala opepuka kwambiri. Chithandizo chotchedwa Casgevy, chomwe chinavomerezedwa ku Britain ndi ku America kumapeto kwa 2023, sichikonza beta wolumala uja. Amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, n'kudula ndi CRISPR, njira yodulira DNA, malo omwe amayatsa BCL11A m'maselo ofiira, kenako n'kuwabwezera. Gamma amadzuka.

Mai a Mphatso: Ndinawerengako. Koma wodwala amayenera kulandira kaye mankhwala amphamvu opha maselo akale a m'mafupa, n'kugona m'chipatala masabata angapo. Ana ambiri obadwa ndi matendawa padziko lapansi sanafike n'pongoyezedwa pomwe akabadwa. Ine ndikanakonda tiyambe pamenepo, ndi penicillin ndi hydroxyurea.

Tiyamike: Ndajambulanso chithunzi chija m'kope langa, tsopano ngati mtengo wa nthambi, lamprey ndamuika kumbali kwa cytoglobin. Koma watsala delta. Hemoglobin A2, yomwe imapangidwa ndi alpha ndi delta, ili 2 kapena 3 pa 100 basi. Amatani ameneyu?

Aphunzitsi Gama: Nachisale, yankha ndiwe, ine ndadzudzulidwa mokwanira lero.

Nachisale: 😂 Aphunzitsi musatero. Delta amanyamula okosijeni ngati beta, koma choyatsira chake n'chofooka, ndipo anthu obadwa opanda delta wogwira ntchito sadwala. Anyani ndi apusi ambiri a michira a ku Africa ndi ku Asia anamuzimitsa. Phindu lake lodziwika bwino lili ku labu: A2 akakwera kupitirira mlingo wake, mumaganizira beta thalassemia, matenda a kuchepa kwa beta. Imeneyo ndiye ibwera pa mayeso, a Tiyamike, muilembe.